Mmene Ndinamwalirira Tsidya Lino ndi Tsidya Lija

Lolemba, 4 Novembala

Dziko lonse limve, ngakhale wowerenga ndi ine ndekha. Wolemba m'kope muno si munthu wamba. Ndine Zulfo mwana wa Ramo, Nduna Yaikulu ya Anthu Akufa, Mwini Burashi ndi Chidebe. M'tauni muno munthu akhoza kuleka kupuma, adokotala akhoza kusaina, koma sanafe mpaka ine nditamata pepala la maliro ake pamtengo wa magetsi. Sukulu ndinalekeza kupulayimale, koma zimene ndimaika ine anthu amaziwerenga ataima chilili pamvula, zimene nyuzipepala sinazilotepo.

Chithereni nkhondo tili ndi zonse ziwiriziwiri. Mameya awiri, mapositi ofesi awiri, galimoto zozimitsa moto ziwiri, ndipo nyumba ikayaka amayamba afunsa dzina la mwiniwake. Tsidya lino la mtsinje ndi la amzikiti, tsidya lija ndi la atchalitchi. Chimene anaiwala kugawa ndine ndekha. Mapepala obiriwira ndimamata kuno, akuda ndimamata uko, guluu wake ndi yemweyo, wa ufa wa tirigu.

Chidebe ndanyamulanso ndekha lero. Sanjin sanabwere.

Lachiwiri, 5 Novembala

M'mawa ndimayambira kwa Stipo wosindikiza, tsidya lija, kukatenga mapepala a tsikulo. Tinkakhala benchi imodzi kusukulu, iye akulemba ine ndikuonera. Masiku ano wayamba kakhalidwe kena. Ndisanagwire mtolo amanena, maso ali pamakina, kuti lero ndi nkhalamba zokhazokha, anzako. Ine ndimamuyankha kuti lake ndidzalimata chazondoka kuti agalu aziwerenga bwino. Timaseka. Tonse tikudziwa chimene akundiuza, kuti mwana wako mulibe mu mtolowu.

Sanjin ndi mwana wanga mmodzi yekhayo. Zaka makumi anayi ndi zisanu, mano ochepa kuposa anga, chonsecho anga amagona m'kapu.

Zaka zingapo zapitazi ankamwa mankhwala amadzi oletsa chibaba cha zozunguza bongo, metadoni, m'mawa uliwonse, m'kachipinda kakuseri kwa chipatala chakale. Kakapu kamodzi, nesi akuyang'ana, kenako n'kubwera kudzandinyamulira chidebe. Kuchira sanachire, koma ankaimirira. Mwezi watha anatseka kachipindako, ati zonse zisamukira kuchipatala chatsopano chimene alendo a mabungwe amanga pafupi ndi mlatho, cha mbali zonse ziwiri. Chipatalacho chinatha. Mawindo akuwala, mabedi akadali m'mapulasitiki. Koma sichinatsegulidwe, poti mameya sanagwirizane kuti pachikwangwani payambe dzina la mbali iti, ndi kuti sizasi yodulira riboni agwire ndani. Anthu a kakapu anauzidwa kuti azikwera basi kupita kumzinda tsiku lililonse, kuchoka kusanache, kubwera dzuwa litapendeka. Sanjin anakwera sabata imodzi. Kenako basi inayamba kubwera yopanda iye.

Ndinapita kuofesi ya tsidya lino kukapempha kuti amuthandize. Ati mayi ake anali atchalitchi, pitani uko. Uko ati bambo ake ndi Zulfo, bwererani kwanu. Ndinawauza kuti ndikamucheka pakati ndi sowo, iwo asankhe, mutu kapena miyendo. Kalaliki sanaseke. Ana a masiku ano.

Lachitatu, 6 Novembala

Supu ya nyemba, ya dzana.

M'nyumba muno muli supuni imodzi, ndipo imagona m'thumba la jekete langa. Zdenka, malemu mkazi wanga, anabwera m'banja ndi bokosi lodzaza masupuni a mayi ake. Sanjin anawamaliza onse, kuwadetsa kunsi ndi moto posungunula heroini, ufa wozunguza bongo wodzibaya nawo. Zdenka ankauza alendo kuti tili ndi khoswe wodya zitsulo. Yotsalayi ndinayamba kuyenda nayo kalekale, ndipo ngakhale zaka za kakapu zija sindinaibwezere m'kabati. Iye ankamwera supu m'kapu, osafunsa.

Ndayankhula ndi mbaula madzulo onse. Ili ndi maganizo abwino pa nkhani za boma.

Lachinayi, 7 Novembala

Mejra woyandikana nane wandiuza pampanda kuti mlamu wake anamuona Sanjin kufakitale yakale ya mipando, kuseri kwa njanji. Ndiye kuti kumzinda sanakhalire, ali konkuno. Ndapita nditamaliza kumata.

Denga kulibe, mitengo yamera pamene panali makina. Ndinapeza amuna atatu akuotha moto wa matayala, onse imvi. Zinandidabwitsa. Mutu wanga unkayembekeza anyamata, kuiwala kuti anyamata aja akalamba ali pomwepo. Mmodzi ndinamuzindikira, ankasewera pagolo timu yathu isanagawike. Ndinafunsa za Sanjin. Ati sitikumudziwa. Ndinati ngati simukumudziwa, mumuuze kuti abambo ake aphika nyemba. Wapagolo uja anayang'ana pansi, nati, "Bambo, musabwerenso kuno. Akakuonani amathawa."

Ndiye kuti ali moyo. Ndalemba kawiri, ali moyo.

Pobwerera ndinkakumbuka mmene zinayambira. Anapita kunkhondo ndevu zisanamere bwino. Chitsulo cha bomba chinalowa m'ntchafu, ndipo m'chipinda chapansi cha sukulu, chimene chinali chipatala masiku amenewo, anamubaya jakisoni wopha ululu. Anandiuza patapita zaka kuti tsiku limenelo ndi limene anagona tulo koyamba chiyambireni kuombera. Mtendere utabwera, unabwera ndi malole. Ena ankabweretsa simenti ndi malata, ena ankabweretsa ufa wabulauni uja, ndipo pamalire panalibe woyang'ana poti malirewo anali asanagwirizane kuti ali pati. Poyamba zinali ngati chisangalalo, jekete lachikopa, atsikana. Kenako wailesi yakanema inatuluka m'nyumba yokha. Kenako ndende. Kenako munda wa azibambo a tchalitchi kumapiri, wa anthu ofuna kusiya ufawo, kumene anakama ng'ombe zaka zitatu, n'kubwera wonenepa, wopemphera m'njira zonse ziwiri. Anakwatira, anagwira ntchito yofolera nyumba zimene zinawotchedwa. Theka la madenga ofiira a tsidya lino ndi manja ake. Ntchito ya mabungwe itatha, alendo anapakira makompyuta awo, mkazi anapita ku Germany, iye anabwerera kwa bwenzi lake lakale, ufa uja.

Anthu amati munthu amagwa kamodzi. Wanga amagwa ngati nyengo.

Lachisanu, 8 Novembala

Kwabwera alendo kudzaona chipatala chawo chotseka. Galimoto zoyera, nsapato zosadziwa matope. Mtsikana wina wa magalasi anandiimitsa pamlatho ndi womasulira wake, ati akufuna kumva kwa munthu wamba ngati kukhululukirana kukupita patsogolo. Ndinamuuza kuti choyamba sindine wamba, ndine nduna. Chachiwiri, kukhululukirana kuli bwino kwambiri m'chikwama changa, mmene shehe wakufa ndi sisitere wakufa amagona chogundana osadandaula. Analemba zonse. Ndinamufunsa kuti chitseko atsegula liti. Womasulira anati nkhaniyo ili m'manja mwa komiti. Ndinapempha kuti komitiyo ikamwalira andiuze, ndidzamata ulere.

Madzulo ndapita kumanda a tsidya lija, kwa Zdenka. Ndamuchotsera masamba. Pamalo pomwepo, tsiku loika maliro, Sanjin anandigwira dzanja, thukuta lili kamukamu, nati ayamba mankhwala a kakapu. Ndipo anawonjezera mawu amene sindinamupemphe. Anati, "Bambo, ndikadzayambiranso, simudzandiona. M'nyumba mwanu ndidzalowa pa maliro anu basi."

Ine ndinaseka tsiku limenelo, ndinati ndiye udzabwere ndi supuni. Koma mwanayu anatengera mayi ake. Akanena wanena. Chinthu chokhacho chimene ufa uja sunadye ndi liuma lake.

Loweruka, 9 Novembala

Nzeru yandibwerera ndikusakaniza guluu. Nzeru zanga zonse zimabwera ndi fungo la ufa wonyowa.

M'tauni muno aliyense amawerenga mitengo ya magetsi. Woledzera, wamisala, meya, wothawa apolisi, onse amaima. Munthu akhoza kusiya kusamba, koma sasiya kuona kuti wafa ndani. Ndipo Sanjin anandiuza yekha khomo limene angalowere.

Ndamuuza Stipo kuti asindikize pepala la maliro anga. Anazimitsa makina, zimene sachita ngakhale kukubwera bishopu. Anati ndapenga, kuti zimenezi n'kuputa tsoka, kuti iye chiyambireni ntchito sanasindikizepo bodza. Ndinamukumbutsa za mapepala a chisankho. Anati zimenezo n'zina. Kenako anati, nanga mwanayo akamva kuti wafa n'kukabaya wochuluka chifukwa cha chisoni, udzamata chiyani mawa lake?

Pamenepo nthabwala inandithera. Ndinamwa khofi wake mpaka nsenga za pansi, n'kutuluka.

Lamlungu, 10 Novembala

Mabelu uko, chete kuno. Chisanu chagwa pamadenga. Kufakitale kulibe denga.

Lolemba, 11 Novembala

Mu mtolo wa lero munali wapagolo uja. Pepala lakuda, chithunzi cha ali mnyamata, tsitsi lambiri. Stipo sananene za nkhalamba zokhazokha. Anangondipatsa mtolo, n'kukhala pansi.

Ndinamufunsa ngati akufuna tidikire kuti tione wotsatira. Anati, "Mtundu wanji, galu iwe?"

Apa ndiye panali nkhani. Lobiriwira limamatidwa tsidya lino lokha, lakuda tsidya lija lokha, ndipo fakitale ili kumapeto kumene njanji imadutsa mtsinje, sindikudziwa kuti Sanjin amatulukira mbali iti. Ndinati sindikiza onse awiri. Stipo anati sizinachitikepo munthu kufa m'mitundu iwiri. Ndinati m'tauni ya mameya awiri munthu wolemekezeka ayenera kufa kawiri, apo ayi mbali ina idandaula kuti yasalidwa. Anaseka mpaka kutsokomola, maso ali ofiira.

Chithunzi tasankha cha paukwati wa Sanjin, ndili ndi tayi. Pamzere wa olira, pamene anthu amadzaza mayina a ana, zidzukulu, apongozi ndi azilamu mpaka pepala kuchepa, ife talemba dzina limodzi. Stipo anafuna kuwonjezera kuti ndi abale ndi abwenzi ambiri. Ndinati ayi, bodza limodzi likwanira. Maliro Lachinayi masana, kuchokera kunyumba ya malemu.

Wakana kulandira kanthu. Ati ndidzalipira pa enieniwo.

Lachiwiri, 12 Novembala

Ndadzimata ndekha m'mawa, nthawi yanga ya masiku onse. Ndani wina akanamata? Pamtengo wa pamsika, pa mlatho mbali zonse, pa siteshoni ya basi, pa khoma la malo ophikira buledi, ndi mitengo yonse ya msewu wopita kunjanji. Ndinavala chipewa chotsika ndi mpango kukamwa, ngati wakuba nkhuku.

Kudzipaka guluu kumsana n'kudzisalaza nkhope ndi burashi ndi ntchito yachilendo. Ndinaima pang'ono kudziwerenga. Munthu wooneka bwino ndithu. Ndinamva chisoni kuti wapita.

Kunyumba ndachita monga mwa mwambo. Chitseko chosatseka, mipando m'mbali mwa khoma, makapu a khofi patebulo, shuga wa mibulu m'mbale. Ndakhala m'chipinda chamkati, khutu lili kukhomo. Mphepo yalowa ndi kutuluka tsiku lonse.

Lachitatu, 13 Novembala

Anthu! Sindinadziwe kuti ndimakondedwa chotere. Nsapato pakhomo zinafika mpaka kumsewu. Amayi a tsidya lino anabwera ndi mathireyi a pita, zophika zathu za ufa ndi nyama mkati, a tsidya lija ndi mabotolo a kachasu wa maplamu atabisa m'zikwama. Ine ndili kuseri kwa katani, kumvetsera mbiri yanga. Wina ati ndinali wosamva, wina ati koma pepala lake silinkagwa ngakhale mvula ya matalala. Mejra analira mpaka kukomoka, n'kuulula kuti ankandifuna kuyambira kale.

Shehe ndi abambo mfumu anakumana pakhomo, aliyense ndi pepala la mtundu wake m'manja, n'kuyamba kulimbirana mtembo. Mameya onse awiri anafika, poti aliyense anamva kuti mnzake akubwera. Atasowa pokhala anakhala benchi imodzi, mawondo akugundana, koyamba chithereni nkhondo. Pamenepo ndinatuluka ndi thireyi, n'kufunsa kuti wa shuga ndani. Meya wa tsidya lija anadumphira pawindo. Wa kuno anagwada. Ndinawauza kuti kumene ndachokera andituma kuti chipatala chitsegulidwe, sizasi agwire onse awiri, wina chala ichi wina chala icho. Analonjeza onse awiri.

Tsiku lalikulu. Ndatopa.

Sanjin sanabwere.

Lachinayi, 14 Novembala

Ndinadzuka, ndinameta, ndinavala tayi ya pachithunzi. Munthu asachititse manyazi pepala lake. Ndinaika nyemba zatsopano pamoto, n'kukhala pampando woyang'ana kukhomo.

Kumzikiti anaitana pemphero la masana. Nthawi ya maliro anga inakwana, n'kupitirira. Ndinayamba kuganiza mawu a Stipo aja. Ndinaganiza za mtolo wa mawa.

Kenako ndinamva munthu akuvula nsapato pakhomo. Amachedwa, ngati zingwe zamukanika. Ndinadziwa kapumidwe kake.

Analowa atagwira khoma. Wawonda, khungu lachikasu, jekete si lake. M'manja anali ndi pepala langa lobiriwira, atalimatula bwinobwino osang'amba, mmene ndinamuphunzitsira. Anandiyang'ana, tayi, makapu, mipando yopanda anthu. Sanadzidzimuke.

Anati, "Mwamata mokweza kwambiri kumanzere. Phewa lija likukuvutanibe."

Ndinati ndiye unadziwa. Anati anadziwa asanawerenge n'komwe. M'tauni muno palibe wina amene amadutsitsa burashi pamwamba pa pepala kawiri, mopingasa, ndipo guluu anali asanaume. Munthu wakufa sadzimata yekha.

"Nanga wabwereranji?"

Anakhala pampando wapafupi ndi chitseko, wa alendo osakhalitsa. Anati, "Papepala palembedwa kuti maliro. Ine ndinati ndidzalowa pa maliro. Sindinaphwanye mawu." Anasalaza pepalalo pabondo, chala chili pamzere wa olira. "Komanso mwalemba dzina langa lokha. Ndikanapanda kubwera, bwenzi palibe."

Ndinafuna kunena nthabwala. Ndinali nazo zitatu zokonzeratu kuyambira Lachiwiri. Zonse zinakana kutuluka. Ndinapita kukavundula nyemba zimene sizinkafuna kuvundulidwa.

Sanabise kanthu. Wabaya m'mawa womwewu, ndipo pofika mawa thupi liyamba kumufunsa. Mitsempha ya m'manja inatha, tsopano ndi kuphazi, ndipo phazilo latupa, n'chifukwa chake nsapato inavuta. Wapagolo uja anafera pambali pake, iye ali mtulo. Ananena zimenezi ngati akuwerenga nyengo. Anati watopa, bambo, koma kutopa sikuchiritsa, watopapo kale kambirimbiri.

Ndinamuuza kuti basi ya kumzinda imanyamukabe kusanache. Ndinati ine tsopano ndine malemu, ndipo malemu alibe ntchito, ndiye ndikhoza kukwera naye tsiku lililonse mpaka mameya apeze sizasi. Akufa a m'tauni adikire, sathamangira kulikonse. Kapena Stipo amate yekha, aone mmene anthu enieni amagwirira ntchito.

Sanavomere. Sanakanenso. Anafunsa ngati nyemba zapsa.

Lachinayi lomwelo, dzuwa likulowa

Ndawerenga zimene ndinalemba dzulo, ndipo nduna iyenera kukonza zolakwika m'kope la boma. Za Lachitatu zija ndinapeka. Kunalibe nsapato mpaka kumsewu, kunalibe pita, shehe, abambo mfumu kapena meya. Chipatala chikadali chotseka. Theka la tauni linandiona ndikudzimata, chipewa ndi mpango sizinanamize munthu, ndipo theka linalo linati ndi Zulfo ameneyo, musiyeni. Mejra anasuzumira pampanda, anandiona ndikutola nkhuni, n'kubwerera m'nyumba. Ndinakhala ndekha ndi makapu tsiku lonse, ndiye ndinadziitanira anthu papepala.

Pa maliro anga pabwera munthu mmodzi. Wasuntha, wachoka pampando wa pachitseko, wakhala pafupi ndi mbaula, phazi lili m'beseni la madzi ofunda. Nditamuikira supu anatambasula dzanja kufuna kapu, monga kale. Ndinapisa m'thumba la jekete.

Akudya ndi supuni ija tsopano, pang'onopang'ono. Yanga ikuzizira m'mbale. Ndidikira amalize.